Umboni wa makasitomala potsatsa malonda pa intaneti: mafunso ndi mayankho

Ndimagulitsa mpunga wa kilombero ndi usipa wouma kuno ku Salima, ndipo makasitomala anga ambiri sindinawaonepo ndi maso. Ena ali ku Lilongwe, ena ku Mchinji, ena ali ku Joni koma amagulira makolo awo kumudzi. Amaona chithunzi pa sitetasi, n'kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ine n'kukakweza thumba pa minibasi pa Kamuzu Road. Munthu wotero sangatape mpunga m'manja n'kuununkhiza monga amachitira wogula pamsika. Mphuno yake ndi mawu a anthu amene anagulapo kale. N'chifukwa chake kwa ine wopeka umboni sasiyana ndi wobera pa sikelo. Mafunso awa ndi amene anzanga a bizinesi amandifunsa kawirikawiri, ndipo ndawalemba mmene amafunsira eni ake.

Achemwali, foni ndi yanga, bandulo ndagula ndekha. Boma likulowererapo chiyani pa zimene ndalemba?

Mukamacheza ndi abale anu, boma lilibe nazo gawo. Koma mukangolemba mawu ofuna kuti munthu atulutse ndalama m'thumba, mwayamba kutsatsa malonda, ndipo lamulo siliyang'ana kuti mwatsatsira pa wayilesi, pa chikwangwani cha pa msewu wa M5 kapena pa WhatsApp.

Kuno kwathu alipo malamulo angapo. Consumer Protection Act ya 2003 imateteza wogula ku malonda achinyengo ndi kutsatsa konama. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imafuna kuti wogulitsa pa intaneti adziwike bwino kuti ndi ndani ndipo akugulitsa chiyani pa mtengo wanji. Koma lomwe lili ndi mano kwambiri ndi Competition and Fair Trading Act yatsopano, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024 m'malo mwa yakale ya 1998. Lamuloli limaletsa kusocheretsa ogula ndi kunena zabodza pa katundu, ndipo linapatsa bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) mphamvu yolipitsa lokha chindapusa, chomwe kwa kampani chingafike pa 10 peresenti ya ndalama zomwe yagulitsa pa chaka. Bungweli lingathenso kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama zake. Umboni wopeka ndi bodza lonenedwa pofuna kugulitsa, choncho m'kuona kwanga sungazembe lamulo limeneli ngakhale uvale zovala za kasitomala.

Nanga malamulo onena za umboni weniweniwo anachokera kuti?

Amene anawalongosola mwatsatanetsatane, ndipo mayiko ambiri amaonerako, ndi a bungwe la boma la America lotchedwa Federal Trade Commission, mwachidule FTC. Iwo ali ndi ndondomeko ya umboni ndi kuyamikira katundu imene inalipo kale intaneti isanabwere. Mu 2009 anaikonzanso kuti ikhudze anthu wamba olemba pa intaneti, ndipo mu 2023 anaikonzanso poona mmene malonda asamukira ku Instagram, TikTok ndi YouTube. Mu October 2024 lamulo lawo loletsa ndemanga zopeka linayamba kugwira ntchito, ndipo chilango chake panthawiyo chinkafika madola 51,744 pa kulakwa kumodzi. Ku Britain nako, kuyambira April 2025, ndemanga zopeka n'zoletsedwa ndi lamulo.

Malamulo a ku America sagwira ntchito pa munthu wogulitsa usipa ku Lifuwu kwa wogula wa ku Area 25. Ndikuwatchula chifukwa mfundo zake n'zomveka kulikonse, komanso chifukwa makampani eni ake a masamba omwe timatsatsirapo anaika zina mwa mfundozi m'malamulo awo. Mutu wake ndi uwu: wochitira umboni akhale munthu weniweni amene anagwiritsadi ntchito katunduyo, anene zomwe anaonadi, ndipo ngati pali chomwe chikumumangirira kwa wogulitsa, kaya ndalama, mphatso, ntchito kapena chibale, achinene poyera.

Alamu anga ali ndi loji ku Senga Bay. Andipempha kuti ndilembe pa Facebook kuti ndinagonako ndipo kunali bwino. Pali vuto?

Munagonako? Ngati simunagoneko, limenelo ndi bodza basi, ngakhale lojiyo itakhala yabwino ngati paradaiso. Ngati munagonako, lembani zomwe munaona, koma nenani kuti eni ake ndi alamu anu.

Pano ambiri amandiyankha kuti, "Nanga chibale n'chiphuphu?" Ayi, si chiphuphu, ndipo kuthandiza m'bale wako pa bizinesi n'chinthu chabwino. Koma taganizirani munthu amene ali ku Blantyre, wasunga ndalama miyezi itatu kuti akapumule ndi banja lake kunyanja pa Khirisimasi. Akawerenga ndemanga yanu amaganiza kuti ndinu mlendo ngati iye, amene munalipira ndalama zanu ndipo mulibe chifukwa chokometsera. Akanadziwa kuti ndinu mlamu, mawu anu akanawayeza ndi muyezo wina. Mwina akanabwerabe, koma atafunsanso kwina. Chimene mwamubera ndi mwayi woyeza yekha. Zomwezi zimakhudza wantchito wa pa lojipo, wophika kapena wolandira alendo, amene amalemba ngati mlendo.

Ndipo kunena chibale sikuchotsa kanthu. "Awa ndi alamu anga, koma kunena zoona chambo chawo chowotcha chimandibweza ulendo uliwonse." Ine mawu otere ndimawakhulupirira kuposa nyenyezi zisanu zochokera kwa munthu wopanda nkhope.

Sanandipatse ndalama ayi. Anangondipatsa kathumba ka mpunga kuti ndilawe.

Kathumbako ndi malipiro. Mayunitsi, bandulo, kugona ulere usiku umodzi, chitenje, kutsitsiridwa mtengo, zonsezi zimawerengedwa. Tonse tikudziwa kuti pakamwa pamene padya za mwini sipachedwa kuyamika.

Ndiye ndilembe mawu otani, ndipo ndiwaike pati?

Mawu achidule, m'chilankhulo chomwe mukutsatsiracho, pamalo pomwe munthu sangawaphonye. Ngati uthenga wanu uli m'Chichewa, musabise kuululako m'Chingerezi. "Andilipira kuti nditsatse izi." "Katunduyu anandipatsa ulere." "Mukagula kudzera mwa ine ndimalandira komishoni." Basi. Kachizindikiro ka #ad kamene amaika anthu akunja n'kabwino kwa amene amakadziwa, koma azakhali anu a ku Khombedza sangadziwe kuti katanthauzanji.

Malo ake ndi poyambirira. Ku America, mu 2020, FTC inazenga mlandu kampani ya tiyi wochepetsa thupi yotchedwa Teami. Mbali ina ya mlanduwo inali yakuti anthu otchuka omwe ankalipidwa ankaululadi, koma mawuwo ankakhala kumunsi, komwe munthu amaona pokhapokha atadina kuti awerenge zambiri. Bungwelo linati kumeneko si kuulula. Ngati ndi kanema, nenani ndi pakamwa komanso lembani pa chithunzipo. Ngati ndi sitetasi ya zithunzi zisanu, musadikire chachisanu, chifukwa ambiri amathera pa chachiwiri. Ngati mukuulutsa pompopompo, bwerezani nthawi ndi nthawi popeza anthu amalowa ndi kutuluka. Ndipo kulemba kamodzi pa mbiri ya tsamba lanu kuti mumatsatsira makampani sikukwanira, chifukwa uthenga umayenda wokha, mbiri ija n'kutsala.

Udindo woulula ndi wa ndani, wotsatsa kapena mwini katundu?

Onse awiri. Mu 2015 sitolo ya ku America ya zovala ya Lord & Taylor inapatsa anthu 50 otchuka pa Instagram diresi laulere ndi ndalama kuti ajambulitse atalivala, osanena kuti alipidwa. Diresilo linatha m'sitolo, koma mu 2016 FTC inagwira sitoloyo. Choncho ngati mwatuma mnyamata wa otsatira ambiri kuti akutsatsireni malonda, muuzeni aulule, ndipo kaoneni ngati wachitadi.

Kasitomala wanditumizira uthenga woyamikira. Ndingaike sikirinishoti yake pa sitetasi?

Mungathe, koma yambani mwamupempha. Uthengawo anatumizira inu, osati mudzi wonse. Akalola, bisani nambala yake ndi chithunzi chake pokhapokha atanena yekha kuti zioneke. Data Protection Act ya 2024, yomwe amayang'anira a MACRA, imateteza zinthu monga dzina ndi nambala ya foni ya munthu.

Chachiwiri, musadule mawu mosintha tanthauzo. Mayi wina ananditumizira kuti, "Mpunga ndi wonunkhira bwino, koma ulendo uno munali timiyala." Ndikanatha kudula pa "bwino" n'kuika. Mawuwo akanakhala ake, koma umboniwo ukanakhala wanga wopeka. Ndinawaimbira, ndinapepesa, ndinauza amayi amene amandipetera kuti tibwereze kusankha, ndipo sikirinishotiyo sindinaiike.

Za anthu amene ali ndi mafoni awiri, n'kumadzitumizira okha kuti "Katundu wafika bwino, Mulungu akudalitseni," sindichedwapo. Ngakhale mwini wake akudziwa dzina la zimene akuchitazo.

Koma umboni wanga ndi woona. Munthu anamwadi mankhwala anga azitsamba n'kupeza bwino. Ndisanene?

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa pa mpunga munthu amataya ndalama, koma pa mankhwala amataya moyo.

Choyamba, umboni woona ungathe kunamiza. Tinene kuti anthu makumi asanu anagula botolo lanu, mmodzi n'kupeza bwino. Mukaika wa mmodzi yekhayo, wowerenga amamva kuti nayenso zimuyendera chimodzimodzi. Kale ku America otsatsa ankazemba polemba timawu tating'ono kumunsi kuti zotsatira zimasiyana munthu ndi munthu. Mu 2009 FTC inatseka khomo limenelo: ukaonetsa munthu amene zinamuyendera mwapadera, uyenera kunenanso zomwe anthu ambiri amapeza. Ndipo mfundo ina yofunika ndi yakuti zimene wogulitsa saloledwa kunena ndi pakamwa pake chifukwa alibe umboni wa akatswiri, sangazinenetse kudzera pakamwa pa kasitomala. Kunena kuti "si ine ndanena, ndi amayi aja" sikupulumutsa.

Chachiwiri, kuno kwathu mankhwala ali ndi mlonda wake, bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 ndipo limayang'anira mankhwala ndi katsatsidwe kake, kuphatikizapo azitsamba. Komanso HIV and AIDS (Prevention and Management) Act ya 2018 imaletsa kufalitsa zabodza kapena zosocheretsa zokhudza HIV ndi Edzi. Wotsatsa kuti botolo lake limachiza kachilombo akupalamula mlandu, ndipo inu wotumiza uthengawo m'magulu mwamuthandiza kuunyamula.

Ndikunena izi ndi mtima wowawa. Azakhali anga amadwala BP, ndipo kwa zaka ankamwa mapiritsi awo m'mawa uliwonse, n'kumakayezetsa kuchipatala. Tsiku lina m'gulu la amayi munalowa uthenga wa mawu, wa mayi wolankhula modekha, wotchula Mulungu kawirikawiri, akuti anamwa mabotolo atatu ndipo adokotala anadabwa. Azakhali anagulitsa nkhuku zinayi, n'kuitanitsa mabotolowo, n'kusiya mapiritsi osauza munthu. Ndinakawapeza atakhala pakhonde, atagwira mutu ndi manja awiri, maso ali psuu, kabotolo kopanda dzina la wopanga kali pambali pa mpando, kapepala ka mapiritsi kali kosatsegula pa windo. Tinathamangira nawo kuchipatala pa kabaza wa njinga yamoto ndipo anapulumuka. Patapita milungu ingapo ndinamva mawu omwe aja, a mayi yemwe uja, m'gulu lina, akuchitira umboni mankhwala a shuga.

Choncho ngati mumagulitsa zitsamba, nenani chomwe chili m'botolo, amene wapanga ndi kumene ali. Musalonjeze kuchiza, ndipo musauze munthu kuti asiye mankhwala akuchipatala.

Wina walemba zoipa pa tsamba langa. Ndingafufute?

Ngati ndi zotukwana, zolaula, kapena munthu amene sanagulepo n'komwe, fufutani. Koma ngati ndi kasitomala weniweni amene akuti usipa unafika wofumbwa, kufufuta n'kusiya zoyamikira zokha ndi kunamiza amene abwere pambuyo. Mu 2022 kampani ya zovala ya Fashion Nova inavomera kulipira madola 4.2 miliyoni pa mlandu woti inkabisa ndemanga za nyenyezi zosafika zinayi. Lamulo la FTC la 2024 limaletsanso kuopseza munthu kuti achotse ndemanga yake.

Langizo langa ndi lakuti muyankheni pomwepo, poyera, mwaulemu. Ogula amawerenga yankho lanu mwachidwi kuposa dandaulolo, chifukwa akufuna kudziwa kuti zikadzawachitikira iwo mudzawatani.

Kodi ndingalonjeze basela kwa aliyense wolemba ndemanga?

Kupempha makasitomala kuti alembe maganizo awo n'kwabwino. Vuto limabwera pamene basela akuperekedwa kwa oyamikira okha. "Lembani kuti mpunga ndi wabwino, ndikuwonjezerani kilo" ndi kugula umboni. Ngati mukupereka kanthu, perekani kwa wolemba aliyense, woyamika ndi wodandaula yemwe, ndipo wolembayo anene kuti analandira kanthu. Kugula otsatira abodza kuti tsamba lioneke lalikulu nakonso kuli m'gulu la zoletsedwa m'lamulo la ku America lija.

Ine sindigulitsa kanthu. Ndimangotumiza linki, munthu akalowa ndimalandira kangachepe.

Ndinu wotsatsa, ndipo kangachepeko mukanene. Achinyamata ambiri kuno akuchita zimenezi ndi makampani a kubetcha ndi timagulu ta "ikani ndalama zichuluke." Amaonetsa sikirinishoti ya tsiku lomwe anawina, za masiku omwe analuza osatchula, komanso osanena kuti aliyense wolowa kudzera mwa iwo amawabweretsera komishoni.

Pa nkhani za ndalama malamulo amakhwima kwambiri. Mu October 2022 Kim Kardashian, mayi wotchuka pa TV ndi pa intaneti ku America, anavomera kulipira madola 1.26 miliyoni ku bungwe la SEC, loyang'anira malonda a masheya ku America, chifukwa chotsatsa ndalama ya pa intaneti ya EthereumMax osanena kuti analandira madola 250,000. Kachizindikiro ka #ad anakaika, koma sikanakwanire, chifukwa pa malonda amtunduwo lamulo limafuna kuti unene ndi kuchuluka kwa zomwe walandira. Kuno kwathu Reserve Bank of Malawi yakhala ikuchenjeza anthu za magulu omwe amalipira olowa kale ndi ndalama za olowa kumene. Choopsa n'chakuti umboni wa m'magulu otere umakhala woona poyamba: oyambirira amalandiradi, ndipo chisangalalo chawo ndicho nyambo. Gulu likagwa, akamberembere eni ake sapezeka. Amene anthu amamudziwa pakhomo ndi inu amene munawatumizira linki, ndipo ena mwa iwo mumapemphera nawo limodzi.

Chithunzi chotenga pa intaneti chili ndi vuto? Katundu ndi yemweyo.

Ngati chithunzi chikuonetsa chambo chachikulu ngati mkono pomwe mutumiza timakumba, mwanama ndi chithunzi. Ngati chipinda cha pa chithunzi chili ndi khonde loyang'ana kunyanja pomwe mlendo mukamugoneka kuseri kwa khitchini, n'chimodzimodzi. Jambulani katundu wanu, wa sabata ino, ndipo ikani mbale kapena dzanja pambali kuti kukula kwake kuoneke. Zithunzi za "asanadzole" ndi "atadzola" za mafuta a pakhungu, zomwe nkhope zake n'za anthu a kudziko lina, ndi umboni wopeka ngati wina uliwonse. N'chimodzimodzinso nkhope ndi mawu opangidwa ndi kompyuta.

Pa mpunga ndinenepo ndithu. Tonse a kuno tikudziwa kuti pali ena amasakaniza kilombero ndi mpunga wina, n'kuika wonunkhira pamwamba pa thumba. Ngati mwasakaniza, nenani kuti ndi wosakaniza ndipo tsitsani mtengo. Ogula ake alipo.

Achemwali, anzathu onse akukometsera. Ine ndikamanena zoona zokhazokha, si nditsalira?

Sindikunamizani: pa sabata yoyamba wokometsera amagulitsa kuposa inu. Ndaziona. Koma bizinesi ya pa foni imakhalira kasitomala wobwerera, chifukwa kupeza watsopano kumadya bandulo ndi nthawi. Amayi aja a timiyala aja akugulabe kwa ine mpaka lero, ndipo anandibweretsera anzawo a ku ofesi atatu. Wodyetsa anthu njomba amasintha nambala ndi dzina la tsamba miyezi ingapo iliyonse, n'kuyambiranso pa ziro.

Palinso china chomwe chimandipweteka. Munthu wa ku Lilongwe akapusitsidwa kamodzi sanena kuti "wogulitsa uja." Amati "anthu a kunyanja." Bodza la mmodzi timalipira tonse, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, ngakhale amayi amene amayanika usipa wawo pa thandala moona mtima ndipo alibe n'komwe foni ya intaneti.

Ndapusitsidwa kale. Ndikadandaule kuti?

Musanachite chilichonse, jambulani zonse: uthenga wotsatsa, umboni womwe unakukopani, macheza anu ndi wogulitsa, ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinapita. Chitani msanga, chifukwa sitetasi imafufutika pakatha maola 24 ndipo wogulitsa angathe kufufuta mauthenga mbali zonse. Katundu amene mwalandira musamutaye, mujambuleni ali m'thumba lake.

Kenako muuzeni wogulitsayo, molemba, chomwe mukufuna: kubwezeredwa ndalama kapena kusinthiridwa katundu. Ena amakonza akaona kuti muli ndi umboni. Akakana, kadandauleni ku CFTC, omwe likulu lawo lili ku Lilongwe ndipo amalandira madandaulo a ogula. Bungwe loima palokha la CAMA nalonso limalankhulira ogula. Ngati ndi mankhwala, dziwitsani a PMRA. Ngati ndi chakudya kapena katundu wosafika pa muyezo, a Malawi Bureau of Standards. Ngati munthu walandira ndalama n'kuzimitsa foni osatumiza kanthu, kumeneko ndi kuba mwachinyengo: pitani kupolisi, ndipo imbirani kampani ya foni yanu tsiku lomwelo kuti adziwe nambala imene yalandira ndalamazo. Pa Facebook pomwepo dinani pochitira lipoti tsambalo.

Ambiri amachita manyazi, makamaka akuluakulu, poopa kuti ana awaseka. Azakhali anga anakana kwa mwezi wathunthu kuti nditchule nkhani yawo kwa wina aliyense. Atalola, tinalemba m'gulu la amayi lija zomwe zinachitika, ndipo tsiku lomwelo amayi awiri anandiimbira kumbali kundiuza kuti nawonso mabotolo ali nawo m'nyumba.